Bwana ndi wantchito m'thalauza limodzi

Lachisanu masana, aphungu akaweruka ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, msewu wa M1 umadzaza ndi zigalimoto za magalasi akuda zolowera kummwera. Zambiri zimadutsa pa Chimbiya ngati mphepo ya mu June, koma zina zimaima, pakuti olemekezeka nawonso amadya tchipisi.

Tsiku limenelo mlembi wanu anali atasanja ndowa zinayi za kachewere m'mphepete mwa msewu, nkhope ili ndwii. M'mawa mwake anali atakafunsa mtengo wa feteleza. Mu 2020 anzake amwayi ankagula thumba pa K4,495 kudzera mu ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo ya AIP, koma iye dzina lake silinatulukepo pamndandanda uliwonse kupatula wa zopereka za pamaliro. Tsono anamutchulira mtengo wopyola K100,000, ndipo mnyamata wa m'sitoloyo anaunena uku akutafuna chingamu.

Galimoto ina inaima. Galasi linatsika pang'onopang'ono, munatuluka kafungo ka perefyumu ndi dzanja la wotchi. Anali phungu wa dera lina lakutali, kupyola Ntcheu. Dzina lake tilisunge, munthu sudziwa tsiku lomwe udzafune bokosi la maliro.

"Madala, ndowayi mukupanga zingati?"

Mlembi wanu anatchula mtengo. Olemekezekawo anaseka, n'kuudula pakati ngati papaya. Kenaka maso awo anagwera pa mnyamata yemwe ankathira kachewere m'thumba.

"Nanga uyu amatani?"

"Ndi mwana wanga, bwana. Anakhoza Fomu 4, akudikira ntchito."

Apa ndi pomwe msonkhano unayambira, wopanda chinkuzamawu. Olemekezekawo anati boma silingalembe ntchito aliyense, achinyamata aleke kudikira, adzilembe okha ntchito. Anati sukulu ndi chuma, bola munthu aigwiritse ntchito. Anatinso ndalama za Mtukula Pakhomo zikuphunzitsa anthu ulesi. Dalaivala atatseka buti msonkhano unatha, ndipo mlembi wanu anatsala ndi theka la ndalama zake komanso malangizo odzaza ndowa.

Mwanayo anangoti kukamwa yasa. Choncho mlembi wanu, monga mutu wa banja, anaganiza zopereka chitsanzo: adzilemba yekha ntchito.

Loweruka m'mawa anavala jekete la paukwati, anatulutsa mpando pakhonde, n'kudziitana ku intavyu. Bwana anafunsa mapepala. Wofuna ntchito anapereka satifiketi ya Sitandade 8 yomwe chiswe chinadya dzina la sukulu. Bwana anapukusa mutu n'kunena kuti ofunsira ndi ambiri, zinthu n'zovuta, pokhapokha patakhala ya fanta. Wofuna ntchito anamva msanga, si mwana. Anatulutsa K500 m'thumba la kumanja n'kuilowetsa m'thumba la kumanzere. Ntchito inapezeka pompo.

Musaichepetse nkhaniyi. Pa kampeni ya 2020 a Lazarus Chakwera ndi mgwirizano wa Tonse analonjeza ntchito 1 miliyoni, ndipo mu February 2022 anauza Nyumba ya Malamulo kuti zapezeka ntchito 997,423. Zinaperewera 2,577 zokha, ndipo kuyambira tsiku limenelo mlembi wanu wakhala akukhulupirira kuti yake inali m'gulu la zoperewerazo. Loweruka lija anachotserapo ziwiri nthawi imodzi, ya bwana ndi ya wantchito. Pofika madzulo anali atadzilembanso ngati mlonda, kalaliki ndi wonyamula katundu. Zatsala 2,572. Akanakhala ndi mathalauza ambiri, bwenzi lonjezo lonse litakwaniritsidwa pa Chimbiya pompano.

Mavuto anayamba pa malipiro. Wantchito anamva pawailesi kuti mu June 2025 malipiro ochepetsetsa anakwera kufika pa K126,000 pamwezi, ndipo anakaikumbutsa bwana nkhaniyi mwaulemu, atagwira chipewa m'manja. Bwana anayankha monga amayankhira mabwana onse: ndalama zakunja zikusowa, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 ndipo sinadzukebe, tiyeni tonse timange malamba. Wantchito anati lamba wake anaboola kale mabowo awiri ndi msomali. Bwana anati akudziwa, poti lambayo ndi yemweyo.

Anayesa zokatenga ngongole ku banki m'khonde ya amayi a m'mudzi. Bwana ndiye anapempha, wantchito anaima ngati mboni. Amayiwo anamuyang'ana kuyambira kujekete mpaka kupatapata n'kumuuza kuti abwere ndi akazi ake.

Lachitatu wantchito ananyanyala ntchito. Anakakhala pansi pa mtengo, manja atapinda. Anthu atafunafuna bwana kuti akambirane naye, anamupeza pansi pa mtengo womwewo, nayenso atapinda manja. Sitalakayo inatenga masiku awiri a nkhungu ndi kamvula kowaza ka ku Dedza kuno, nyengo yomwe chiwawu chimaikonda. Panalibe wopopera Dithane kudimba, chifukwa bwana ankati si ntchito yake ndipo wantchito ankati sanalipidwe. Masamba a kachewere anada ngati awauka ndi moto. Mlanduwo anaugamula ndi mayi a kunyumba, omwe sanadzilembe ntchito koma amagwira zonse.

"Inu bambo ake a mwana, kaya ndinu bwana kaya ndinu wantchito, mbale ya nsima ndi imodzi. Mugawane."

Usiku umenewo, njala itagawidwa mofanana pakati pa akuluakulu ndi ogwira ntchito, mlembi wanu anayamba kuwerengera za olemekezeka aja. Iwo anadzilemba okha? Ayi ndithu. Chisankho cha pa 16 September 2025 chisanafike anayenda mudzi ndi mudzi, anavina ndi amayi, anagwada pamaso pa mafumu, kupempha ntchito kwa anthu a patapata. Intavyu yake ndi yofewa kuposa ya pakhonde ija. Malamulo a dziko lino safunsa phungu satifiketi ya Fomu 4: akhale nzika ya zaka 21, wolembetsa m'kaundula wa mavoti, wotha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Ndipo mipando yake inachoka pa 193 kufika pa 229. Ntchito zatsopano za malipiro, za galimoto yolowa popanda msonkho, zomwe mlembi wanu waziona ndi maso ake zikubadwa, ndi 36 zimenezo.

Za sukulu zija mlembi wanu sangatsutse. Iye anaona pulayimale yaulere ya a Bakili Muluzi mu 1994, ana atasefukira mpaka pansi pa mitengo, ndipo atamva a Peter Mutharika akulengeza sekondale yaulere kuyambira January 2026 anaomba m'manja, bwana ndi wantchito limodzi. Kungoti mwana wake sukuluyo anaimaliza kale, ndipo satifiketi ili mu sutikesi pamodzi ndi ya chiswe ija. Za Mtukula Pakhomo ndiye anaseka yekha mumdima. Ndondomekoyi inayambira ku Mchinji mu 2006, ndipo ndi ya mabanja osaukitsitsa opanda munthu wa mphamvu zolima, monga agogo olera ana amasiye. Agogo amenewo ndiye aulesi, malinga ndi munthu amene amalandira alawansi yomwe pa Chingerezi chawocho amaitcha ya kukhala pansi.

Pa Chimbiya palibe amene akudikira boma kuti limupatse khasu. Tambala asanalire amayi amakhala atasenza kale madengu, anyamata a kabaza atazizidwa kale pamsewu, ena akukweza matumba a chimanga ndi soya m'malole a mavenda. Onsewa anadzilemba okha kalekale, asanauzidwe ndi munthu wa pagalasi. Chomwe chikusowa ndi pogulitsira pa mtengo woti munthu n'kugulanso feteleza, posungira kachewere kuti asaole akachuluka, ndi fakitale ngakhale imodzi yoti imukazinge n'kumuika m'mapaketi, m'malo moti masitolo a ku Lilongwe azidzaza ndi makirisipi a ku South Africa. Zimenezo munthu sangazichite yekha ndi jekete la paukwati. Zimafuna malamulo, bajeti ndi misewu ya kumunda, zomwe ndi ntchito ya anthu 229 aja. Mu November 2023 achinyamata 221 anakwera ndege kukalima minda ya eni ku Israel, ndipo mabasi a ku Joni akudutsabe pachipata cha Dedza atadzaza ana a Fomu 4. Aulesi sapita kutali chotero kukafuna khasu.

Mwana wa mlembi wanu wayamba kufunsa mtengo wa pasipoti. Bambo ake anamulonjeza ntchito pakampani, koma iye anati waona mmene amalipirira.

Lachisanu linalo galimoto ija inaimanso. Galasi linatsika.

"Madala! Malangizo aja munawatsata?"

"Kwambiri, bwana. Pano ndili pantchito."

"Mwaona? Ndiye ndowayi mundichotsere ngati tsiku lija."

"Pepani olemekezeka, ine ndine wantchito chabe. Abwana anga anati ndisachotsere olo tambala."

"Aitaneni abwana anuwo."

Mlembi wanu anazungulira kumbuyo kwa galimoto, anamanga mabatani a jekete, anatsokomola, n'kutulukira mbali ya dalaivala. Koma bwana ameneyu ndi munthu wamantha, ataona wotchi ija maondo anafooka. Anagulitsa ndowa ziwiri pa mtengo wa imodzi, anawonjezera banyira wodzaza manja awiri, ndipo galimoto itanyamuka anabwerera pamalo pake n'kumudula wantchito malipiro a mwezi uno.