Galu wa Azakhali Analera Ana a Galu Wanga Ine Nditalephera

Geti ndinalisiya losatseka ndine. Ndiyambire pamenepo, chifukwa Loweruka lina m'mwezi wa Juni kuno ku Dedza, Spider, galu wanga amene anali atangoswa masiku atatu m'mbuyomo, anatulukira pa geti limenelo mbandakucha n'kukagundidwa ndi galimoto mumsewu wa M1. Ndinamukwirira kuseri kwa nyumba, patsinde pa mtengo wa mapichesi, ndipo ndisanasambe n'komwe m'manja ndinamva kulira m'katoni. Tiagalu 6, maso otseka, makutu otseka, tikukwawa mozungulirazungulira kufunafuna bere lomwe kulibe.

Mayi a kunyumba anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, bwanji tifunse kaye anthu odziwa?" Yankho langa ndimalimvabe m'makutu mpaka lero: "Izi ndi simple, mkaka ndi mkaka basi." Ndinali nditaweta agalu zaka 12, ndiye ndinkadziona ngati katswiri, osazindikira kuti zaka zonsezo ntchito yanga inali yongothira gaga m'mbale. Kulera ankalera ndi agaluwo.

Ndinathamangira kugolosale, ndinagula mkaka wa ng'ombe, ndinathiramo shuga poganiza kuti ndiye mphamvu, ndinatenga sirinji, ndinagoneka kagalu chagada padzanja ngati khanda la munthu n'kuyamba kupopa, ndipo mkaka utayamba kutulukira m'mphuno ndinati kakhuta, ndinatenga kena, ndinachitanso chimodzimodzi, mpaka tonse 6, kenako ndinakhala pampando ndikudzimva kuti ndagwira ntchito. Zonse ndinalakwitsa. Mkaka wa galu uli ndi mafuta komanso zomanga thupi zoposa kawiri za mkaka wa ng'ombe, pomwe wa ng'ombe uli ndi shuga wake wochuluka amene amatsegulitsa tiagalu m'mimba, ndiye ine ndinawonjezeranso wina pamwamba. Kagalu kamayenera kuyamwa kali chafufumimba monga kamachitira pabere la make, ndipo mkaka wotulukira m'mphuno ndi chizindikiro choti wina walowera kumapapo, komwe umayambitsa chibayo. Sindinkadziwanso kuti m'masabata oyambirira kagalu sikatha kukodza kapena kuchita chimbudzi pakokha. Mayi ake akamakanyambita kumimba ndi kumunsi kwa mchira, ine ndinkaona ngati ndi chikondi chabe, pomwe imeneyo ndi ntchito. Timimba tinatupa ngati timipira, ine n'kumati tikunenepa.

Ndiye panali chisanu. Amene anagonapo ku Dedza mu Juni akudziwa chimene ndikunena. Kagalu ka sabata yoyamba sikatha kudzitenthetsa, kamafuna pogona pofunda pafupifupi madigiri 30, ndipo kakazizidwa m'mimba mwake simugayanso chakudya. Ine katoni ndinaisiya pasimenti. Usiku wachiwiri kamodzi, kakang'ono kwambiri kokhala ndi banga loyera pachifuwa, kanasiya kulira, ndipo ndinasangalala kuti kagona. M'mawa ndinakapeza kataumiratu.

Mantha atandigwira ndinalumphira tsidya lina. Ndinasonkha makala pambaula, ndinaiika pafupi ndi katoni m'kachipinda kosungiramo katundu, ndinatseka chitseko ndi windo kuti mphepo isalowe, ndipo chikhala kuti mayi a kunyumba sanamve fungo la bulangete likuwauka, bwenzi tonse titatha usiku womwewo, pakuti mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha ngakhale munthu wamkulu. Sanandikalipire. Anatulutsa mbaula, anathira madzi ofunda m'mabotolo, anawakulunga ndi chitenje n'kuwaika m'katoni. Kusayankhula kwawoko kunandipweteka kuposa mawu.

Chimodzi chokha chinali kumbali yanga, ndipo si ine ndinachichita. Tiagaluto tinali titayamwa mkaka woyamba wa Spider, wachikasu uja, umene umapatsa kagalu chitetezo ku matenda, ndipo matumbo ake amatha kulandira chitetezocho m'maola pafupifupi 24 oyambirira okha.

Tsiku lachitatu ndinakumbukira kuti azakhali anga ku Bembeke ali ndi galu amene anali ataswa ana anayi masiku 10 m'mbuyomo. Dzina lake Zilibekanthu, galu wakumudzi, wofiirira, wowonda, yemwe ndikapita kukacheza ndinkamuthamangitsa pakhonde. Imeneyo ndiyo inali plan B yanga, ndipo ndinaiyendetsa moipa kuyambira pachiyambi. Ndinafika azakhali ali kudimba la mbatatesi, ndinauza ana kuti ndibweza galu pakatha masiku angapo, ndinamumanga chingwe, ndinamukweza m'galimoto yobwereka, ana ake enieni n'kuwasiya m'khitchini akulira, ndipo sindinaime ngakhale kamphindi kudzifunsa kuti nanga anayiwo ayamwa chiyani. Kunyumba galu uja sanayang'ane n'komwe katoni. Anakanda chitseko, analira, anatafuna chingwe, ndipo pofika madzulo anali atadumpha mpanda. M'mawa mwake foni inalira. "Mwanawe," anatero azakhali, "galu wafika yekha usiku, mapazi ali magazi. Ngati uli ndi vuto, bwera nalo kuno."

Ndinapita nato tiagalu tisanu tija, komabe nzeru zanga zinali zisanathe. Ndinali nditaonera kakanema pa YouTube konena kuti galu amazindikira ana ake ndi fungo, ndiye ndinaganiza kuti chofunika n'kuchotsa fungo la Spider, choncho ndisananyamuke ndinatipukuta tonse ndi sopo wonunkhira, mu Juni, ku Dedza, kenako ndinatidzoza mafuta odzola a mayi a kunyumba, ndipo nditafika sindinadikire n'komwe kuti azakhali amalize kundilonjera, ndinangolowa m'khitchini n'kukhuthula tonse tisanu pamimba pa galu yemwe dzulo lake ndinali nditamuba. Analira pakhosi, mano ali pamtunda, anatola kamodzi n'kukaponya pambali, ine ndinatambasula dzanja kuti ndikalanditse, ndipo anandiluma pachala chachikulu. Ndinaima pabwalo mphindi 15 ndikutsuka bala ndi sopo pamadzi oyenderera, mdzukulu wa azakhali akundithirira m'chigubu, anthu a nyumba zoyandikana ataima m'mipanda mwawo akuonerera bambo wa kutauni. Pambuyo pake ndinayendera jakisoni wa chiwewe kuchipatala. Galuyo analibe mlandu, ankateteza ana ake.

Azakhali anandiuza kuti ndikhale pansi. "Khala apo, uzingoona. Usagwire kanthu."

Anaitana Zilibekanthu modekha, anapita naye kuseri kwa nkhokwe, anam'patsa nsima ndi usipa n'kumusiya kumeneko ndi mwana wina kwa nthawi yoposa ola. Kenako anapukuta mafuta anga aja ndi kansalu kofunda, anatenga chiguduli chomwe ana a galuyo ankagonapo, anasisita nacho kagalu kalikonse, n'kutisakaniza tonse tisanu pakati pa ana anayi aja kuti tigone mulu umodzi, tipakane fungo. Galu atabwera, mawere anali atadzadza moti iye mwini ankafuna woti amupepukitse. Azakhali anamugoneka, dzanja limodzi likumusisita pakhosi, anayamba kuika ana ake enieni, ndipo atayamba kuyamwa anafinya timadontho ta mkaka n'kupaka kagalu kanga kamodzi kumsana ndi kumchira, anakatembenuza kuti galu ayambe kununkhiza kumbuyo. Ananunkhiza nthawi yaitali, ine mtima uli m'mwamba. Kenako ananyambita. Azakhali anati akanyambita ndiye kuti walola, ndipo anapitiriza, kamodzikamodzi, osapupuluma, mpaka tonse tisanu tinali pabere dzuwa likulowa. Usiku umenewo ndinagona pamphasa pakhomo pa khitchini, chala chili mwamba, ndikumvetsera kaphokoso ka kuyamwa.

Kamodzi kanafa patapita masiku awiri, kakupuma movutikira. Sindikayika kuti unali mkaka uja ndinakapopera m'mapapo.

Tinatsala tinayi, ndipo vuto linali msinkhu. Ana a Zilibekanthu anali aakulu ndi masiku angapo, maso akutsekuka kale, ndiye ankakankha tanga n'kulanda mawere akumbuyo, omwe amakhala ndi mkaka wambiri. Apa ndiye ndinayamba kuphunzira kugwira ntchito yonyozeka. Maola angapo alionse ndinkachotsa akuluakulu aja kwa kanthawi kuti tating'ono tiyamwe kaye, ndipo m'mawa uliwonse ndinkatiyeza pasikelo ya azakhali yogulitsira nyemba n'kulemba m'kope. Kagalu kathanzi kamayenera kukwera tsiku ndi tsiku, n'kuwirikiza kulemera kwake kobadwa nako pakatha masiku pafupifupi 10. Tanga tinachedwa, koma tinayamba kukwera.

Nditaona manambala akukwera, kudzitama kunabwereranso, ndipo apa m'pamene pali cholakwa chimene chimandisowetsa tulo kwambiri. Ndinkayeza ana tsiku lililonse, koma mayi wowayamwitsa sindinamuyang'ane ngakhale kamodzi. Ndinamusenzetsa ana 8 m'malo mwa anayi, ndinalonjeza azakhali kuti chakudya cha galu ndizibweretsa ndine, n'kumangobweretsa gaga yemweyo, muyezo womwewo, pomwe galu woyamwitsa ana ochuluka chonchi amafuna chakudya chowirikiza kawiri kapena katatu, chokhala ndi ndiwo zenizeni, komanso madzi osatha. Sabata yachitatu ndinamupeza akupuma mwawefuwefu, thupi likunjenjemera, miyendo itauma gwa, akuyenda ngati woledzera mpaka anagwa. Ndinakuwa kuti ndi chiwewe, kenako ndinati wina wamuthira chiphe, ndinatsala pang'ono kumumwetsa mkaka ndi makala, koma azakhali anandigwira mkono n'kunena kuti, "Mwanawe, nthawi ino imba foni."

Dokotala wa ziweto anafika panjinga yamoto. Atangomuona ndi kuwerenga ana, anati calcium watha m'magazi, wapita yense kumkaka, ndipo matendawa amapha msanga akachedwa kuthandizidwa. Anam'baya mankhwala mumtsempha pang'onopang'ono kwinaku akumvetsera mtima, ndipo pasanathe nthawi yaitali kunjenjemera kunayamba kuchepa. Kenako anandifunsa mwaulemu, "Achimwene, mumam'patsa chiyani?" Ndinayang'ana pansi. Ndinangoti sorry, osadziwa ngati ndikupepesa adokotala, azakhali kapena galu. Anatilangiza kuti ana asayamwe kwa tsiku lathunthu, tiwapatse puppy formula, mkaka wopangidwira tiagalu umene ndikanayenera kuufunafuna tsiku loyamba lija, ndiponso tiyambe kuwaphunzitsa kunyambita phala losalala m'mbale, popeza anali atafika msinkhu wake.

Zilibekanthu anachira. Tiagalu tanga tinayi tinakula, ndipo kamodzi kanatsala ku Bembeke komweko chifukwa azakhali anakana ndalama n'kusankha kagalu. Tiwiri tinafa tija tinagona pafupi ndi mayi wawo, patsinde pa mtengo wa mapichesi.

Masiku ano ndikamapita ku Bembeke ndimayamba ndadzera kumsika kukagula usipa wa Zilibekanthu. Ndimauthira m'mbale yake n'kumuitana. Amabwera, amaima patali akundiyang'ana, ndipo sadya mpaka nditasuntha.