Tiyamike dzimbiri, kontirakitala wosathawa ntchito

Pa Jenda timadziwa kuyamika. Timayamika tomato, anyezi ndi mbatatesi zomwe amayi amaunjika m'mphepete mwa msewu wa M1, timayamika anyamata athu obwera kuchokera ku Joni atamangirira mafiriji pa thirela, ndipo mlendo wa tayi akangoika mwala wa maziko timamuvinira ingoma mpaka fumbi kobo. Koma alipo mmisiri mmodzi amene wagwira ntchito m'dera lino zaka zosawerengeka popanda womuombera m'manja, ndiye dzimbiri. Mfundo yanga ndi imodzi basi: mwa onse amene anatengapo ntchito kummwera kwa Mzimba kuno, kuyambira pa Jenda kukafika ku Embangweni ndi ku Edingeni, dzimbiri lokha ndilo limayamba tsiku lomwelo lafika, silichoka pamalo, ndipo limamaliza. Silifunsa alawansi, silidikira ndalama za chaka chamawa, silinena kuti mvula yatisokoneza, pakuti mvula ikagwa m'pamene limavula jekete. Aliyense wofuna umboni asapite kutali. Angozungulira kuseri kwa nyumba ya mnansi wake, pomwe pali galimoto yakale ija yakhala pa njerwa.

Tiyambe ndi kudzichepetsa kwake. Kontirakitala wina aliyense amabwera ndi mndandanda wa zofunika wotalika masamba angapo, koma dzimbiri limangopempha zitatu: chitsulo, madzi ndi mpweya wa okosijeni womwe tonsefe timapuma. Zikakumana zitatuzi, chitsulo chimasanduka ufa wofiira uja, ndipo popeza ufawo umatupa kuposa chitsulo chomwe wadya, umakankha penti, n'kusweka, n'kutsegulira madzi njira yoti alowe m'kati ntchito ipitirire. Ena adzati iyi ndi nkhani ya anthu a ku Durban ndi ku Dar es Salaam kumene mphepo ya m'nyanja imanyamula mchere, osati ya ife a kumtunda. N'zoona kuti mchere umafulumizitsa dzimbiri, koma onena izi sanakwerepo kumbuyo kwa pikapu ya pa Jenda. Mu Novembala imanyamula feteleza, wokulitsa ndi wobereketsa yemwe, ndipo thumba likabooka timibulu tija timakakhala m'makona, timakoka chinyezi, n'kugwira ntchito yomweyo imene mchere wa m'nyanja umagwira. Kenako pabwera madengu a tomato wophwanyika, madzi ake owawasa akutsikira m'timing'alu. Matope a dzinja amamatirira m'madigadi n'kusunga chinyontho mpaka mu Juni, pomwe mame ndi nkhungu za ku Viphya zimalandira udindo. Nyanja tilibe, inde, koma sitinamumane chilichonse mmisiri wathuyu.

Magalimoto amene limagwirapo ntchito si wamba ayi, ndipo apa tiyenera kuvula zipewa. Amuna a ku Mzimba akhala akupita ku South Africa kuyambira nthawi ya Wenela ndi TEBA, ndipo mbadwo wotsatira utayamba kubwerera ndi galimoto m'malo mwa njinga ndi wailesi, midzi inadzaza ndi mbiri yoyenda pa matayala. Pali kapikapu ka Nissan 1400, kamene anthu a ku South Africa anakakonda mpaka kumangokapanga kufikira 2008 osasintha kwenikweni maonekedwe ake. Pali Peugeot 404, imene inayamba kupangidwa ku France mu 1960 ndipo ku Kenya ankailumikizabe mpaka 1991. Pali Land Rover za mamishoni ndi za boma lakale, ndi Hilux zoyambirira zomwe zinakoka matabwa a ku Chikangawa mpaka msana kupindika. Zambiri mwa izi lero zaima pa njerwa zinayi pansi pa mtengo wa mango, ndipo palibe ngakhale imodzi imene inafa. Mukafunsa, mudzamva yankho limodzi m'midzi yonse: ikukonzedwa. Adada a pakhomopo amakuyendetsani mozungulira chiphaphacho, n'kumenya boneti ndi chikhatho, n'kunena motsitsa mawu kuti injini ili bwinobwino, changotsala ndi kachitsulo kamodzi kamene mwana akatumiza kuchokera ku Joni pa Khirisimasi. Khirisimasiyo sitchulidwa chaka. Pakadali pano nkhuku zikuikira pa mpando wa dalaivala, galu wagona pamene panali giya, ndipo amama aumika chigwada padenga. Aliyense pakhomopo akupuma pa ntchito yokonzayo, kupatula mmodzi. Pitani chaka chino, mupitenso chaka chamawa: kabowo ka pansi pa chitseko komwe munkalowetsa chala mudzapeza mukulowetsa mkono. Ndiuzeni chitukuko china m'boma lino chimene mungachiyeze ndi mkono chaka ndi chaka n'kupeza chikukula.

Wotsutsa woyamba adzati ndikuyamika wakuba, popeza dzimbiri limadya chuma cha anthu. Ndikumupempha awerenge kaye pakamwa pamene limadyetsa. Owongola magalimoto, owotcherera, ogulitsa penti, sandipepa ndi kabaidi, anyamata okhula zitsulo tsiku lonse kuti aphunzire ntchito, onsewa bwana wawo weniweni ndi dzimbiri. Mmisiri woona mtima amadziwa kuti kuchiritsa bodi yodyeka kulibe chidule. Umadula chitsulo chonse chovunda mpaka ufike pomwe chikuwala, umasema chigamba cha chitsulo chatsopano, umawotcherera pang'onopang'ono uku ndi uku kuti kutentha kusapinde bodi, umapala, umapaka penti woyamba wotchinga chinyezi mbali zonse ziwiri, ndiyeno m'pamene umamata kagawo kopyapyala ka body filler kongosalazira. Pomaliza umatsegula timabowo ta pansi pa zitseko kuti madzi a mvula azituluka. Ntchito yotere imadya masabata ndi ndalama, ndipo mwini galimoto akamva mtengo wake amagwira pakamwa n'kufunsa ngati palibe njira ina.

Njira ina ilipo, ndipo ndiyo imandisangalatsa kuposa zonse. Bowo silidulidwa; limatsekedwa. Kumbuyo kwake aikako kachidutswa ka lata, kapena sefa wa pawindo, kapena katoni, ndiyeno filler n'kumuunjika ndi manja awiri mpaka phiko lonse la galimoto likhale loumba. Akapala n'kupopera penti wofiira, galimoto imatuluka m'galaja ikunyezimira moti ana amaithamangira. Ilipo ina yomwe ikagunda bampu sichita phokoso la chitsulo koma imangogwetsa zibenthu, ndipo mwini wake amatsika kukatola mbali ya galimoto yake m'msewu n'kuiika m'thumba la jekete. Ogula ochenjera amayenda ndi maginito, chifukwa maginito amagwira chitsulo koma pa filler wokhuthala amangogwa. Pa magalimoto ena a kuno maginito angayende kuchokera ku nyali yakutsogolo mpaka yakumbuyo osapeza pogona. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono apa m'pamene ulemu wanga pa dzimbiri umafika pachimake. Munthu mungamunamize ndi penti, woyeza magalimoto mungamupatse moni wa m'manja wolemera n'kukudindirani pepala ali chikhalire pampando, koma dzimbiri sililandira kanthu. Filler amamwa chinyezi pamene penti wang'ambika, ndipo pansi pake ntchito imapitirira mwakachetechete. Dzinja limodzi likadutsa, penti uja amatuluka matuza, ndipo lipoti lonse la zomwe zinabisidwa limalembedwa pabwalo, pa chitseko, pomwe aliyense wodikira basi angawerenge. M'dziko limene malipoti ofufuza amakonda kusochera m'madirowa, wofufuza wotereyu tingamunyoze bwanji?

Wotsutsa wachiwiri ndi wophunzira. Adzati nthawi ya dzimbiri inatha, popeza magalimoto amakono amamizidwa mu zinki monga malata a padenga, ndiponso kuti ngakhale kalekale Land Rover inaligonjetsa. N'zoona kuti Land Rover yoyamba ya 1948 inapangidwa ndi bodi ya aluminiyamu, chifukwa nkhondo yachiwiri itatha chitsulo chinali chosowa ku Britain, ndipo aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira. Koma weramani muone pansi. Chasisi chake ndi chachitsulo, ndi chamapanga momwe matope amalowa osatulukanso, ndipo kumeneko n'kumene mmisiri wathu anakamanga msasa, bodi n'kuisiya yowala kuti mwini wake asadandaule. Za zinki nazo n'zongochedwetsa. Zinki amadyeka m'malo mwa chitsulo mpaka atatha, ndipo mwala uliwonse wa pa msewu wa ku Mqocha umene ukhula penti pansi pa galimoto umafupikitsa masiku ake. Timagalimoto ta ku Japan tomwe tadzaza pa siteji, todzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe, tina timachokera kumadera a chipale kumene amathira mchere m'misewu, choncho timafika titanyamula kale mlendo m'mimba. Wophunzirayo adikire zaka zochepa chabe, adzationa pa njerwa, nato tikukonzedwa.

Wotsutsa wachitatu sindingamuseke, chifukwa akunena za maliro. Chasisi chodyeka chimathyoka, paipi ya mabuleki yodyeka imaphulika, ndipo pikapu ya matola yomwe pansi pake mukuona msewu ukudutsa imanyamula amayi, ana ndi matumba a chimanga tsiku la msika. Koma funsani bwino kuti wolakwa ndani. Dzimbiri silinabisepo ntchito yake. Limaonetsa mtundu wake patali, limachenjeza kwa zaka. Amene amabisa ndi uja amapaka penti wakuda pa chasisi usiku woti mawa akagulitsa galimoto, ndi uja amakweza anthu makumi awiri pamalo a katundu n'kunena kuti Mulungu alipo, ndiponso uja amene analembedwa ntchito yogwada n'kusuzumira pansi pa galimoto koma amaopa kudetsa thalauza. Ndiyenso pali msewu. Galimoto yoyenda m'matope ofika m'mawondo miyezi inayi chaka chilichonse, chifukwa phula lomwe linalonjezedwa pa msonkhano linathera pa chikwangwani, singafanane ndi yoyenda pouma. Chikwangwanicho nachonso n'chachitsulo, ndipo mwa onse olembedwa mayina pamenepo, wopereka ndalama, woyang'anira ndi womanga, palibe amene amaoneka; amene amabwera pamalopo tsiku lililonse ndi mmodzi yekha amene sanalembedwe. Zaka zikamapita amafufuta mayina a enawo mmodzimmodzi, mwina pofuna kuwachotsera manyazi.

Otsala ndi aja anaona pa intaneti azungu akuukitsa magalimoto akale, kuwavula mpaka chitsulo chokhachokha, kuwasunga m'nyumba zofunda n'kumakawaonetsa Lamlungu atavala zipewa. Iwo amati tikutaya chuma, popeza Peugeot ya asibweni ikanakhala ku Ulaya bwenzi anthu akuilimbirana. Mwina n'zoona, koma kumeneko galimoto yokonzedwa imasangalatsa munthu mmodzi, pomwe kuno dzimbiri likamaliza kuweruza, chumacho chimagawidwa mudzi wonse mwachilungamo choposa cha pa bwalo la milandu ya chuma cha masiye. Chitsulo cholumikiza matayala akumbuyo chimapita pa ngolo, ndipo ng'ombe ziwiri za ku Mzimba zimachikoka zaka zina makumi awiri popanda dontho la dizilo. Limu imapachikidwa pa mtengo pa sukulu kapena pa tchalitchi n'kukhala belu. Masipuling'i amapita kwa wosula n'kubwerako ali nkhwangwa ndi zikwanje, chitseko chimatseka khola la mbuzi, denga limadulidwa mbaula, mpando umakhala pakhonde polandirira alendo, ndipo zotsala amadzatola aja ogula zitsulo zakutha oyenda ndi sikelo. Chovuta n'chimodzi: kugawa kumeneku sikungayambe adada akadali moyo, chifukwa iwo sagulitsa ngakhale nati imodzi ya galimoto yomwe ikukonzedwa. Ana awo nawo, amene ali ku Joni, amatumiza uthenga pa foni kuti wina asaikhudze, adzaikonza okha akabwera. Mwa onse a pabanjapo palibe amene anagulapo ngakhale chitini chimodzi cha penti, koma pa maliro mudzawaona atazungulira chiphaphacho, akukangana mokweza kuti makiyi asunga ndani.