Mbuzi zanga zaulemu zikuotcha foni

Gemu ya pa foni ndi bodza lothamanga kwambiri. Mukamaona kamunthu kakudumpha, dziwani kuti palibe chikuyenda: ndi zithunzi zongoima, zikusinthana ka 60 pa sekondi. Chithunzi chilichonse chili ndi mamilisekondi 16 ndi kanyenyeswa kuti chikonzeke. Chikachedwa, gemu imayamba kutsimphina, wosewera n'kumatukwana.

Ine ndinalowa m'zopanga magemu nditamva kuti pulogalamu ya Godot ndi yaulere. Chinthu chaulere sindichilambalala, ngakhale ndisakudziwa ntchito yake. Gemu yanga ndi ya mlimi wothamangitsa mbuzi m'munda wa chimanga. Poyamba ndinaika mbuzi khumi, zinthu zinayenda myaa. Kenako mtima wachuma unandigwira. Kwathu sindinakhalepo ndi mbuzi ngakhale imodzi, ndiye ndinati pano pokha ndilemerepo. Ndinalemba 1,000.

Maina a mbuzizo amakhala pamndandanda umene a makompyuta amati array. Mu Godot muli kamalo kotchedwa _process, ndipo chilichonse mwalembamo chimachitika pa chithunzi chilichonse. Mmenemo ndi mmene ndinaika lamulo langa: mbuzi iliyonse iziyenda pamndandanda wonse, kufunsa inzake iliyonse ngati zagundana. Kuyenda pamndandanda kotereku amakutcha lupu.

Foni inatentha. Mlimi wanga ankaponya mwendo umodzi lero, wina mawa. Mayi akunyumba atayigwira anafunsa ngati ndinaiiwala pambaula.

Ndinaitana mphwanga amene amaphunzira zimenezi. Anayang'ana zolemba zanga kwa nthawi, akupukusa mutu pang'onopang'ono kuti ndisaone.

"Amalume, munayamba mwafikapo pamsonkhano woti aliyense apereke moni kwa aliyense?"

"Ndiwo ulemu umenewo, iwe."

"Anthu 1,000, aliyense kugwira dzanja anzake 999. Ndi moni 999,000. Akangomaliza, ayambirenso, ka 60 pa sekondi. Mbuzi zanuzi zikupatsana moni pafupifupi 60 miliyoni pa sekondi iliyonse. Msonkhanowo uyamba liti?"

Ndinamuuza kuti mbuzi zoleredwa bwino zimatero. Iye anapitiriza ngati sanamve. Akuti mbuzi ya kumpoto kwa munda inkafunsa ya kummwera ngati zagundana, pamene sizikuonana n'komwe. Choipa china, mbuzi iliyonse isanayambe moni wake inkapempha kaye Godot kuti ailembere mndandanda watsopano wa mbuzi zonse, mndandanda womwewo umene inzake yalandira posachedwapa.

Apa ndinakwiya n'kulamula kuti tichotse malupu onse m'gemumo. Mphwanga anaseka mpaka kutsamwa. Akuti lupu imodzi yoyenda pa zinthu 1,000 si kanthu kwa foni ya masiku ano, imatha musanaphethire. Chimene chimapha ndi lupu ya m'kati mwa lupu inzake, chifukwa mukawonjezera mbuzi kawiri ntchito imakula kanayi, mukawonjezera kakhumi imakula ka 100. Anatsegula Profiler, kachipangizo kosonyeza kumene nthawi ikuthera, ndipo dzina la lamulo langa linali pamwamba penipeni. Aka kanali koyamba chinthu changa kukhala nambala wani.

Koma musandione chonchi, ndimawerengako. Ndinamukumbutsa za Tomohiro Nishikado, amene anapanga Space Invaders ku kampani ya Taito ku Japan mu 1978. Adani m'gemu imeneyo alipo 55, mizere isanu ya 11. Akakhala onse amayenda mwaulesi, koma mukamawapha otsalawo amafulumira, mpaka womaliza amathamanga ngati wapenga. Chifukwa chake n'choti makina a nthawiyo, a Intel 8080, ankapepukidwa adani akamachepa. Nishikado anaona kuti zikukometsa gemu, anazisiya momwemo, ndipo dziko lonse linamutcha katswiri.

"Ndiye inenso," ndinatero, "wosewera akathamangitsa mbuzi 900, gemu iyamba kuyenda bwino. Ndi luso limenelo."

"Amalume, batire likhala litatha asanathamangitse zitatu."

Ana a masiku ano alibe mantha. Anakoka mpando wanga, n'kugawa mundawo m'timabwalo ting'onoting'ono. Mbuzi iliyonse tsopano imafunsa zokhazo za m'kabwalo kake ndi timabwalo 8 toyandikana nako. Mndandanda uja umalembedwa kamodzi gemu ikamayamba, n'kumangokonzedwa mbuzi ikachoka. Za kuwerenga chimanga chotsala, zimene ndinkachita pa chithunzi chilichonse, anati zizichitika pokhapokha mbuzi ikadya phesi. Ndinafuna kutsutsa, koma mlimi wanga anali atayamba kale kuthamanga ngati wamva kuti makuponi afika.

Vuto labuka lina. Pamene gemu inkatsimphina ndinkapambana bwinobwino, chifukwa ndinali ndi nthawi yoganiza, kumwa tiyi, ngakhale kuyankha foni ina. Pano mbuzi 1,000 zikulowa m'munda pa liwiro lake lenileni, ndipo chimanga chimatha ndisanapeze batani. Ndamupempha mphwanga kuti abwezeremo moni uja pang'ono pokha, wa mbuzi zikuluzikulu basi. Wati aganizira, ndikamubwezera ndalama ya bandulo imene anagwiritsa ntchito pokonza munda wanga.