Nyumba yoyenda ya a Phiri

Kwathu kuno munthu sayenda popanda chifukwa. Ukamuona wanyamula chikwama, dziwa kuti kwina kwagwa zovuta, kapena kuli chinkhoswe, kapena akukaoda katundu. Zikapanda kukhala zimenezi, ndiye kuti akuthawa ngongole. N'chifukwa chake nditalengeza kuti chilimwe chino ndikupita ku Mozambique kukangoona dziko, anthu a m'dera lathu pa Ntcheu anayamba kufunsana kuti kodi a Phiri akongola ndalama kwa yani.

Nzeruyi ndinaitengera kwa azungu aja amadutsa mumsewu wa M1 pa magalimoto okhala ndi bedi ndi pophikira m'kati momwemo. Pamene dzuwa lawalowera amaimika, n'kutambasula mipando, n'kumamwa tiyi akuyang'ana phiri. Ndinadzifunsa kuti kodi phiri limakongolera mzungu yekha? Maso ndili nawo, galimoto ndili nayo.

Galimoto yake ndi pikapu ya Peugeot 404 imene anasiya malemu malume. Ana a masiku ano saidziwa. Mtundu umenewu unayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo ku Kenya anapitiriza kuulumikiza mpaka 1991, chifukwa unkapirira misewu yathu. Giya yake ili pachiwongolero, moti wakuba wa lero atakwera angolira. Eni ake anaipanga bwino, koma pa zonse zimene anaikamo, chatsala ndi chizindikiro cha mkango. Zinazo ndi nzeru za ine ndi amakaniko a pansi pa mtengo. Chitseko cha kumanzere timatseka ndi waya, thanki ya petulo ndi chigubu cha malita 20, ndipo hutala imalira ukaponda mabuleki, zomwe n'zothandiza chifukwa mabulekiwo sagwira nthawi yomweyo.

Nyumba ya kumbuyo anandikhomera kalipentala uja amapanga mabokosi a maliro. Ndisanamalize n'kufotokoza komwe, anali atandiyeza kale ndi tepi kuchokera kumutu mpaka kuphazi. Anamanga chinthu cholimba, cha matabwa a paini ndi malata, chosongoka pang'ono kumiyendo. Zenera ndinachita kumukumbutsa. M'katimo ndinaikamo matiresi atsopano, mbaula, ketulo ndi mpando wopinda.

Nambewe, mayi a kunyumba, anazungulira nyumbayo manja ali m'chiuno. "Bambo a Chikondi, nyumba yokhala pansi mwalephera kuiika pulasitala, ndiye mwayamba yoyenda?" Kukwera anakana. M'malo mwake anandipatsa mlongo wawo kuti tipite naye. Iwo amati akandichezetsa panjira, koma tonse timadziwa kuti alamu akupitira kukankha.

Pachipata cha Biriwiri zikalata zonse zinali bwinobwino: chiphaso, inshuwalansi, pepala lolowetsera galimoto. Pamene panavuta ndi pa funso lakuti tikukatani. Ndinati tikukaona dziko. Bambo wa yunifolomu anafunsa mwaulemu kuti tikukaona ndani. Ndinabwereza kuti dziko. Anatembenukira kwa alamu n'kufunsa chapansipansi kuti matendawa anayamba liti. Alamu, m'malo monditeteza, anati dziko limene ndikukaonalo iwo amaliona sabata iliyonse akamakaoda kabichi pa Lizulu, poti pamenepo msewu womwewo ndiwo malire. Sananame. Angerezi ndi Apwitikizi atagwirizana za malirewa mu 1891 sanafunse agogo athu, ndiye mbali zonse ziwiri chinenero n'chimodzi, ngoma n'chimodzimodzi, apongozi n'chimodzimodzi.

Boma la Tsangano ndi la zitunda, ndipo mu Okutobala chitunda chilichonse chimafuna chigubu chake cha madzi. Redieta inkawira moti mukanatha kuvundulirapo phala. Pachitunda china injini inatsokomola n'kuzima. Tisanatuluke n'komwe, anyamata anatulukira kuchokera kudimba n'kutikankha mpaka pamwamba. Ndinapisa dzanja m'thumba kuti ndiwapatse ya sopo, koma iwo anakana. Anangoloza matumba a kachewere amene anali m'mbali mwa msewu. Dera limenelo ndi la kachewere, tirigu ndi kabichi, ndipo kuyenda ndi galimoto yopanda kanthu kumbuyo n'kunyoza alimi. Motero woyamba kugona pa matiresi anga atsopano anali kachewere.

Madzulo ake tinaima pamudzi wina chakufupi ndi Ntengo wa Mbalame. Poti chinali chilimwe, bulangete ndinasiya dala kunyumba, monga munthu wodziwa nyengo. Dzuwa litangolowa, mphepo ya kumapiri inatsika n'kupeza malata anga ali okonzeka kuilandira. Ndili pakati pokolezera mbaula, panafika gogo wina wa ndodo n'kufunsa mfunda wanga. Nditati Phiri, anaomba m'manja. "Ndiye ndinu mwana wa pakhomo pano. Nanga m'bokosimo mwanyamula ndani?"

Ndinafotokoza kuti m'menemo ndi mogona ine. Gogoyo anakhala pansi kaye. Kenaka anandiuza kuti nkhondo itavuta, iwo ndi mudzi wonse anathawira ku Ntcheu, ndipo anabwerera mtendere wa 1992 utakhazikika. Kumeneko anthu anawapatsa pogona, polima ndi poika akufa awo. "Ife tinagona m'nyumba za kwanu zaka zonsezo. Lero inu mugone m'galimoto pabwalo panga? Mawa kuchitsime akandiimba." Ndinayesa kunena kuti azungu amatero. Anandiyankha kuti azunguwo alibe abale kuno, asiyeni. Usiku umenewo kunafa nkhuku, ine ndinagona pamphasa m'nyumba yofunda, ndipo alamu anafunsa ngati ulendowu tingautalikitse.

Kuyambira apo mbiri inkatitsogolera. Pa Ulongwe tinamwetsa petulo wa mametikali, ndipo tisanatseke chigubu tinali titapeza kale okwera: mayi wa mbuzi, mnyamata wa njinga yothyoka, ndi agogo aakazi amene ankachokera kuchipatala. Agogowo anagona pa matiresi mpaka kuliza mkonono. Mbuzi inadya katani ya pazenera. Ndalama sindinkalandira, poti ine ndinali mlendo woona dziko osati wa matola, choncho ankandilipira nyemba, mazira ndi madalitso. Tinadutsa m'munsi mwa phiri la Domwe, kumene Angoni a Maseko anakhazikika kalekale, koma sindinalione bwino chifukwa panthawiyo ndinali pansi pa galimoto kumanga paipi ya utsi ndi lamba wanga.

Titalowa m'boma la Macanga, injini inazimanso pamalo opanda nyumba, pafupi ndi msitu wowirira. Alamu anatsika mwaulesi, akudandaula za msana. Kenaka tinamva kukuwa, ndipo kutsogolo kunatulukira zilombo, thupi lonse matope, fumbi lili koboo. Gule wamkulu a UNESCO anamulemekeza mu 2005, ndipo inenso ndimamulemekeza, makamaka ndikakhala m'galimoto yoyenda. Ndinaponya kandalama pansi monga mwa mwambo n'kuweramitsa mutu. Zimene zinachitika kumbuyo sindinazione, koma pikapu yodzaza nyemba inakwera chitunda ndi mphamvu ya munthu mmodzi. Msana wa alamu unachira tsiku lomwelo.

Chomwe ndinadzera ndinachichita pafupi ndi Furancungo, likulu la bomalo. Ndinaimika pamalo okwera, ndinatambasula mpando, ndinatereka ketulo, n'kukhala pansi kuyang'ana mapiri. Ndinayamba kuwaphunzitsa alamu kuti dziko limeneli la Makanga m'zaka za m'ma 1800 linkalamulidwa ndi banja la a Pereira, anthu a mfuti amene ankakana kugonjera ngakhale Apwitikizi, mpaka linagonjetsedwa mu 1902. Alamu anali atagona kale pansi pa mtengo.

Tiyi asanazizire panafika ana, n'kuima kumbuyo kwanga kuyang'ana kumene ndinkayang'ana. Kenaka panafika amayi ochokera kothirira nazale za fodya, makeni ali m'manja, nawonso n'kuyang'ana. Kumeneko fodya ndiye ndalama, ndipo mwezi umenewo munthu wa miyendo iwiri sakhala pampando masana. Mmodzi anafunsa mnzake kuti kodi kuphiriko kwayaka moto? Wina anati ayi, bambowa aferedwa, taonani bokosilo. Wachitatu anati ndi aja amafufuza miyala ya mtengo wapatali, ndipo posachedwa atisamutsa. Mawu amenewa ndiwo anathamanga. Pasanapite nthawi anatulukira mthenga wa mfumu, kundiitana kuti ndikafotokoze chimene ndaona m'phirimo.

Pabwalo ndinalankhula Chichewa chakuya. Ndinati phiri lawo n'lokongola, basi. Nyakwawa inafunsa kuti kodi ku Ntcheu mapiri anatha? Ndinati alipo. Inafunsa kuti nanga awo munamaliza kuwayang'ana? Bwalo lonse linaseka mpaka amayi kugwirana mapewa. Mfumu inagamula kuti munthu wotere sangabe phiri, ndipo sayenera kugona yekha panja. Kufunsa mfunda, amayi a mfumuyo anali a Naphiri. Kunafanso nkhuku.

Tinabwerera tili onenepa. Matiresi anagonapo kachewere, nyemba, agogo, mbuzi ndi ng'oma za kwaya, koma mwini wake ayi. Pakhomo lililonse pamene tinagona ndinkatsanzika mwaulemu wa kwathu: "Mukadzafika ku Ntcheu musadzadutse, kwanu n'komweko." Pofuna kuonetsa kuti ndine munthu wophunzira, ndinkajambulanso mapu.

Akulu anati kupatsa n'kuika, ndipo anthu a ku Tsangano ndi Macanga amadziwa kumene anaika. Woyamba kufika anali gogo wa ndodo uja, ndi mdzukulu wofuna kuonana ndi dokotala wa maso. Kenaka mphwake wa mfumu, kudzagula mbewu. Kenaka mayi wa mbuzi, ndi mbuzi ina. Nambewe amawalandira ndi manja awiri, chifukwa sabwera chimanjamanja, ndipo kachewere m'nyumba mwathu sakutha. Alendo akulu amagona kuchipinda kwathu, ana pabalaza, Nambewe ndi amayi anzake kuchipinda kwa Chikondi.

Ine anandiuza kuti ndili ndi kwanga. Pikapu ili kuseri kwa nyumba, pa njerwa, poti matayala tinagulitsa kuti tigule shuga wa alendo. Ndimo ndikugona masiku ano, ndipo ndinene zoona, kalipentala uja anandiyeza bwino. M'mawa ndimatsegula kazenera n'kuyang'ana khola la nkhuku za aneba, palibe wondiitanira kwa mfumu.

Chilimwe chamawa ndikufuna kuyendanso, koma ulendo uno ndipita kudziko kopanda a Phiri. Amene akudziwa kumene kuli dziko lotero andiuze mwakachetechete, alamu asamve.