Chipewa pansi kwa goloboyi wa pabenchi

Zigoli zili ndi eni ake owimbiridwa nyimbo, amenewo tiwasiye. Ine ndikuvulira chipewa mnyamata amene amafika pa Dedza Stadium atanyamula magolovesi oyera, madzulo n'kubwerera nawo kunyumba ali oyera chomwecho: goloboyi wachiwiri.

Musaipeputse ntchito yake. Mu June, mphepo ikamatsika m'phiri la Dedza n'kumalowa mpaka m'mafupa, anzake 22 amathamanga, thukuta kamukamu. Iye amakhala phee kwa mphindi 90, manja m'khwapa, chibwano chikunjenjemera, maso pa mpira umene sadzaugwira. Wopirira ndani pamenepa? Komanso taonani ulemu wake. Chilowereni Dedza Dynamos mu ligi yaikulu mu 2022, ife timakankhana pageti ndi ndalama m'manja kuti tione matimu otchuka, pamene iyeyu amaonera ulere, pampando wakutsogolo, ndipo madzi akumwa ali pambali.

Mu 2020 malamulo analola kuti timu izisintha osewera 5 m'malo mwa 3. Benchi yonse inasekerera, kupatula iye. Mphunzitsi sasintha goloboyi pokhapokha woyambayo atavulala kapena ataonetsedwa khadi yofiira. Ndiye kuti mwayi wake wagona pa tsoka la mnzake, yemwe amadya naye nsima m'mbale imodzi, koma mnzakeyo akauluka n'kugwira mpira, woyamba kuwomba m'manja ndi iye. Mtima wotere ngakhale kumpingo ndi wosowa.

Ena amatchula Tim Krul wa ku Netherlands, amene Louis van Gaal anamulowetsa masewero ndi Costa Rica atatsala pang'ono kutha pa World Cup ya 2014, n'kugwira mapenate awiri. Ameneyo, kunena zoona, anaipitsa mbiri ya ntchitoyi pochita kudetsa jezi. Katswiri weniweni ndi Larry Yount wa masewero a baseball ku America, komwe kulinso oponya mpira odikira kulowa m'malo mwa anzawo. Pa 15 September 1971, timu ya Houston Astros inamuitana, dzina lake linalengezedwa, koma akutenthetsa mkono chigongono chinamupweteka ndipo anatuluka. Sanabwererenso mu ligi yaikuluyo. Mabuku amati anasewera kamodzi, chonsecho sanaponyere mdani mpira ndi umodzi womwe. Palibe amene anamugonjetsa. Ndani wina anganene zimenezo?

Wathu wa kunoyu nayenso sachedwa pantchito. Zaka ziwiri kapena zitatu, dzina lazimiririka pamndandanda popanda wofunsa. Amapachika magolovesi n'kubwerera kumunda wa kachewere mawondo ali gwa, mano onse ali m'kamwa, palibe wochemerera anamutukwanirapo mayi ake chifukwa cha chigoli chopusa. Inu a ku Dedza, mukakumana naye pachiwaya, mugulireniko tchipisi.