Malangizo kwa Njonda ya ku Chitipa Yofuna Kuwiritsira Mowa mu Filiji

Kuwira kwa mowa ndi ntchito ya yisiti, tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timadya shuga wa m'phala la chimera n'kutulutsa ukali woledzeretsa pamodzi ndi mpweya wa kaboni dayokisaidi umene umadzetsa thovu, ndipo liwiro la ntchitoyi, limodzi ndi kakomedwe ka mowawo, zimatsamira pa kutentha kwa malo amene phalalo lakhazikidwa. Louis Pasteur wa ku France analongosola zimenezi m'buku lake lonena za mowa mu 1876, koma amayi ofulula mowa wa mawere ku Nthalire, ku Wenya ndi ku Kameme ankadziwa kale nthawi yofundika mbiya ndi nthawi yoivundukula, kungoti sanalembe buku. Popeza nzeru yosalembedwa sibweretsa ulemu pa boma, njonda yamakono ya ku Chitipa imene ikufuna kutchedwa katswiri iyenera kusiya mbiya, n'kusandutsa filiji yaing'ono kukhala kachipinda kowiritsiramo mowa pa mlingo wa kutentha umene mwini wake wasankha.

Njondayo iyambe yaloweza mbiri, chifukwa idzaifuna podziteteza kwa akuchikazi. Mu 1553 Albrecht V, wolamulira wa Bavaria ku Germany, analetsa kufulula mowa kuyambira pa 23 Epulo mpaka pa 29 Sepitembala, popeza mowa wa m'nyengo yotentha unkasasa, ndipo ofulula ankasunga migolo yawo m'mapanga ozizira mpaka pamene Carl von Linde anapangira fakitale ya Spaten ku Munich makina oziziritsa mu 1873. Patapita zaka 10, Emil Christian Hansen wa ku Carlsberg mu mzinda wa Copenhagen anapatula mtundu umodzi wa yisiti n'kuuweta pawokha, ndipo mbumba ya yisiti wokonda kuzizirayo inadzafika ku Blantyre pamene kampaniyo inatsekula fakitale mu 1968. Yisiti wa mowa wotchedwa lager amagwira ntchito bwino pa madigiri 8 mpaka 13, pamene wa mowa wotchedwa ale amafuna madigiri 18 mpaka 22, ndipo onsewa akatenthedwa mopyola amatulutsa ukali wina wolemera, wonunkha ngati mankhwala, umene anthu ambiri amaunenera matsire. Kuwira kwenikweniko kumatulutsanso kutentha, kotero kuti phala limatha kuposa mpweya wolizungulira ndi madigiri angapo.

Pali vuto limodzi limene wofulula ayenera kulinyalanyaza mwaulemu, ndilo lakuti boma la Chitipa lili pamtunda wopitirira mamita 1,000, ndipo m'mapiri a Misuku miyezi ya Juni ndi Julayi imapereka chisanu chokwanira popanda kulipiritsa. Kuzizira kwaulere koteroko kulibe batani kapena nambala yowala, choncho sikungaonetsedwe kwa alendo, ndipo munthu wophunzira sayenera kukudalira.

Kupeza filiji ndi nkhani ya mtendere wa m'banja osati ya sayansi. Filiji yaing'ono ya m'nyumba zambiri imakhala ili kale pa ntchito, ikuziziritsa mafirizesi ndi thobwa zimene mayi wa m'nyumba amagulitsa kuti ana apeze makope ndi sopo, choncho wofulula afotokoze modekha kuti phindu la tsiku ndi tsiku ndi chinthu chaching'ono poyerekeza ndi kafukufuku, ndipo achite zimenezi atatsimikiza kaye kuti ali ndi kwina kokadya nsima. Akapambana mlanduwu, adzaona kuti pansi pa filijiyo chakumbuyo pali chitunda chobisa kompuresa, amene ndi makina opopa gasi wozizitsa, ndiponso kuti chitundacho chinaikidwa ndendende pamalo pamene ndowa ya malita 20 imayenera kukhala. Mashelefu a pachitseko angathe kuchotsedwa, ndipo thabwa lingayalidwe pansi kuti ndowa ikhazikike. Kabokosi kopangira ayisi kamene kali pamwamba ndi nkhani ina, chifukwa chitsulo chake chili ndi timitsempha toyendamo gasi, ndipo m'mafiliji ambiri atsopano gasiyo ndi R600a, amene amayaka moto. Wofulula amene akufuna kuti kafukufuku wake athe tsiku lomwelo angathe kukhotetsa chitsulocho mwamphamvu kapena kuboola khoma la m'mbali ndi msomali, ndipo akamva kamluzu kochokera m'kati adziwe kuti banja lake lapeza kabati yatsopano yosungiramo mbale. Ofuna kupitiriza amadutsitsa waya pa labala wa chitseko osaboola kanthu.

Filiji payokha imasunga zinthu pa madigiri 3 mpaka 5, ndipo pamenepo yisiti amagona tulo n'kusiya ntchito, motero pamafunika kachipangizo kolamulira kutentha, monga STC-1000 kapena Inkbird ITC-308, kamene wofulula angatume wachibale wa ku Johannesburg kapena wamalonda wopita ku Mbeya kuti akafunefune, n'kudikira miyezi imene wotumidwayo adzakhale akukumbukira. Kachipangizoka kali ndi waya wokhala ndi kamutu koyeza kutentha, ndipo kamalamulira mbali ziwiri, ya filiji ndi ya chotenthetsera. Kutentha kukakwera kupyola nambala imene yaikidwa kamayatsa filiji, kukatsika kamayatsa chotenthetsera, ndipo pakati pake pamasiyidwa mpata wa theka la digiri kapena digiri imodzi kuti ziwirizi zisamalimbane. Kamutu koyezako kayenera kumatidwa ndi selotepi pa khoma la ndowa n'kuphimbidwa ndi siponji, kuti kaziyeza mowa osati mphepo ya mu filiji, ndipo kompuresa ipatsidwe mphindi zosachepera zitatu zopumira isanayakenso, apo ayi imatopa msanga n'kufa. Chotenthetsera chotsika mtengo ndi babu laling'ono la mtundu wakale lotsekeredwa m'chitini, chifukwa kuwala kumawononga hops, maluwa owawa amene amakometsa mowa wachizungu, n'kuupatsa fungo la kanyimbi. Magetsi a m'dziko muno ndi a mavoti 230, choncho wosadziwa kulumikiza mawaya aitane amisiri, pokhapokha ngati akufuna kuti mowa woyamba udzamwedwe pa maliro ake. Zonse zikatheka, wofulula wa ku Misuku adzakhala ndi mwayi wosowa m'mwezi wa Julayi, wogula mayunitsi kuti atenthetse m'kati mwa makina amene anapangidwira kuziziritsa, ndipo aliyense womufunsa chifukwa chake amuyankhe kuti nkhaniyi ndi yozama.

Mayunitsi amenewo amagulidwa kwa ESCOM, koma magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, kumwera kwenikweni, pamene Chitipa ili kunsonga ya kumpoto, m'malire ndi Tanzania ndi Zambia. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunakula mpaka makinawo atakonzedwa mu 2023. Mowa wa ale umawira sabata imodzi kapena ziwiri, wa lager umafuna mwezi ndi kupitirira, ndipo m'masiku onsewo yisiti samawerenga ndondomeko ya kuthima kwa magetsi. Wofulula asataye mtima, chifukwa malita 20 a phala sasintha kutentha msanga, ndipo filiji yotsekedwa bwino imasunga kuzizira kwake maola angapo ngakhale magetsi kulibe, makamaka ngati mwini wake wadziletsa kutsekula chitseko mphindi iliyonse kuti aone ngati sayansi ikuyenda. Angathenso kuifundika bulangete n'kuiika m'chipinda chamdima cha nyumba yofolera ndi udzu. Apongozi ake adzanena kuti zimenezo ndi zomwe amachita ndi mbiya chiyambire utsikana wawo, ndipo wofulula ayankhe mwaulemu kuti mbiya ilibe pulagi. Amene akuganiza za sola adziwe kuti kompuresa ikamayaka imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene imadya ikuyenda, kotero kuti pafunika inveta ndi mabatire aakulu, ndipo ndalama zake ndi bwino kusaziwerengera pamaso pa mwini mafirizesi uja.

Funso la chimene chiyenera kuikidwa mu filijimo limabwera mochedwa, monga mwa mwambo wa ntchito zachitukuko. Chipumu, mowa wa mawere wodziwika m'chigawo chino ndi kutsidya kwa malire, suyenera kulowamo, pakuti kakomedwe kake kowawasa kamachokera ku mabakiteriya opanga asidi wofanana ndi wa mu chambiko, amene amakonda kufunda, ndiponso mowawo umamwedwa ukadali wamoyo, pothiramo madzi otentha n'kuyamwa ndi bango. Kuuika pa madigiri 10 n'kuuchita chipongwe. Alimi a khofi ku Misuku nawonso amavundika khofi wawo m'mathanki kuti nembanemba yoterera ichoke, osafunsira nzeru kwa filiji, koma zimenezo ndi za alimi. Wofulula wathu ayenera kuitanitsa chimera cha balere, hops ndi yisiti wa m'mapaketi kuchokera kunja, n'kuyamika kuti msewu wa makilomita pafupifupi 100 wochokera ku Karonga tsopano ndi wa phula, kotero kuti katunduyo adzafika ali wathunthu, ngakhale yisitiyo adzakhala atayenda ulendo wonse padzuwa pamwamba pa minibasi asanalowe m'chipinda chimene kusiyana kwa theka la digiri kumaonedwa ngati tsoka.

Ndowa iyenera kutsukidwa bwino ndi kutsekedwa, ndipo pa chivundikiro pakhale kapayipi kolowa m'botolo la madzi, kuti mpweya uzituluka koma fumbi ndi tizirombo zisalowe. Thovu likasiya, kutentha kutsitsidwe kufika pa madigiri 2 kwa masiku awiri kapena atatu kuti nsenga zikhazikike pansi, ndipo mowa woyerawo uthiridwe m'mabotolo limodzi ndi shuga pang'ono, n'kudikira sabata ziwiri kuti ugwire mpweya. Shuga akachuluka mabotolo amaphulika, kawirikawiri usiku, ndipo wofulula akonzeretu mawu okauza anthu oyandikana nawo pamodzi ndi amfumu.

Malita 20 amadzaza mabotolo osapitirira 60 a mamililita 330, ndipo m'mudzi umene aliyense wakhala akumva filiji ikulira kwa mwezi wathunthu, chiwerengero chimenechi chiyenera kugawidwa pakati pa alamu, atsibweni, mmisiri wa magetsi uja ndi onse amene anathandiza kunyamula filiji kuchoka m'khitchini. Kugulitsa kumafuna chiphaso cha khonsolo, choncho njira yotsala ndi kupereka ulere. Wofulula ayembekezere kuti akuluakulu adzayang'ana mowawo padzuwa, adzafunsa kumene masese ake apita, adzadandaula kuti sukhutitsa ndiponso kuti ukuzizira m'mano, kenako mmodzi wa iwo adzatuma mwana kuti akatereke madzi pa mbaula ndi kubweretsa bango.