Sobo Musaiwale, Achimwene

Mmalawi akakhazikika ku Joni, nsima sayisowa kwenikweni, poti ufa uli mbwee m'mashopu. Chimene chimamusowetsa mtendere ndi Sobo. Muimbireni foni m'bale wanu wa ku Johannesburg kuti mukubwera, mumve moni wake kufupika: "Achimwene, mpunga wa Kilombero, usipa, Nali, ndiye Sobo musaiwale." Za matenda a agogo amafunsa mayunitsi akutha.

Mlamu wanga wina analimvera lamuloli. Anakwera basi pa Wenela ndi chikwama chimodzi, m'katimo muli usipa, suti yake ya kutchalitchi ndi mabotolo awiri a Sobo wa olenji. Anadutsa bwinobwino pa Mwanza, mu Tete, pa Nyamapanda. Pa Beitbridge wofufuza katundu atatsegula chikwama anabwerera chambuyo. Botolo limodzi linali litaphulika kalekale, winawake atachikhalira chikwamacho m'njira, ndipo usipa unali utamwa Sobo mpaka kufufuma. Ku Joni palibe anapepesa za suti. Funso linali limodzi: "Nanga lotsalali tigawana bwanji, chikhalirecho tilipo 7?" Usipawo anauphika ndithu. Akuti sunafune tomato.

Sikuti kumeneko kulibe zosungunula. Ali ndi Oros wawo, ndipo a ku Zimbabwe amalumbirira Mazoe. Mdzukulu wa mtchona wina, wobadwira ku Harare, anabwera kudzaona kumudzi atanyamula Mazoe ngati mphatso. Agogo ake aakazi anamwa kapu yoyamba osalankhula, anapempha yachiwiri n'kuigugudiza, kenako anapukuta pakamwa ndi chitenje.

"Ayesetsa ndithu anzathuwa," anatero. "Akalimbikira chonchi adzafikako pa Sobo."

Amene anaphunzira sekondale yogonera komweko amaudziwa moyo wa botolo limodzi. Sabata yoyamba ya teremu chakumwa chimakhala cha olenji weniweni, chomata m'kamwa. Pakati pa teremu chimayamba chikasu. Pofika mayeso, mnyamata amathira madzi m'botolo lopanda kanthu, kukhutchumula, n'kumwa ataphinya maso. Mnzake akapempha amayankha kuti, "Ndikadakupatsa, koma watsala wochepa."

Mu 2016, kampani ya ku France ya Castel itagula Carlsberg Malawi, yomwe inalinso mwini wa Southern Bottlers yopanga Sobo, malume anga analengeza tsiku lomwelo kuti Sobo wasintha, wayamba kumveka Chifalansa. Azakhali anawakumbutsa kuti botolo limene ankamwalo linagulidwa miyezi itatu nkhaniyo isanamveke. Malume sanagonje. Anati Azunguwo ayenera kuti anayambira kale mobisa.

Koma pa zoziziritsa kukhosi za Sobo, mtima wanga uli pa Cherry Plum, ndipo sindichita nazo manyazi. Vuto lake n'loti sasunga chinsinsi. Mayi wina anasiya mabotolo anayi kuchipinda kudikira alendo a chinkhoswe, pobwera anapeza atatu. Ana onse anakana, wamkulu mpaka kulumbira. Mayiyo sanatenge shamu. Anangowaimika pamzere n'kunena kuti, "Tulutsani malilime." Wachisamba lake linali bwinobwino, wachiwiri chimodzimodzi. Chitsirizira anatseka pakamwa ndi manja onse awiri n'kulankhulira m'mphuno kuti iye lilime analibe.

Kum'peza Cherry Plum ndiye nkhani ina. M'tauni mumangolowa m'golosale. Kumudzi, mvula ikakokolola mlatho, galimoto ya makuleti imangomveka mbiri. Mphunzitsi wina wongotumizidwa kumene kudera lakutali ndi tala analowa m'golosale ya pamsika ludzu litamupha.

"Cherry Plum alipo, bambo?"

"Anatha pa Khirisimasi, aphunzitsi."

"Cocopina?"

"Akubwera Lachinayi."

"Lachinayi liti?"

"Limenelo sananene."

"Nanga m'fulijimo muli chiyani?"

"Ndalama ndi buku la ngongole. Magetsi kuno sanafike, tinangoyigula kuti golosale izioneka."

Ndipo chakumwa chikapezeka, pamatsala mlandu wa botolo. Ngati simunabwere ndi lopanda kanthu, mumamwera pomwepo, mwini golosale atakutsomphani ndi maso mpaka dontho lomaliza. Mukangosuntha phazi kuloza kukhomo, amatsokomola. Mkulu wina, atatopa ndi chitsokomolo chimenechi, anayamba kuyenda ndi botolo lake m'thumba la jekete kulikonse, kumaliro ndi kutchalitchi komwe. Tsiku lina pogwada linagwa n'kugubuduka mpaka kutsogolo. Abusa analitola, kulinunkhiza, n'kulengeza kuti mpingo usadandaule, ndi la zoziziritsa kukhosi.

A m'malire ndiwo odala, amamwera mbali zonse. Mu 2016 momwemo bungwe la Malawi Bureau of Standards linaletsa Frozy, chakumwa cha ku Mozambique chimene chinali chitadzaza m'misika chifukwa chotsika mtengo, ponena kuti munachuluka asidi. A ku Blantyre ndi Lilongwe analira. A pa Lizulu, pomwe msewu wa M1 umayenda m'malire enieni, mbali iyi Malawi mbali inayo Mozambique, anangoseka. Bambo wina wogulitsa mbatata ya kachewere ankati dzuwa likatentha amasiyira mnzake malonda, kuyang'ana uku ndi uku, kuwoloka msewu, kumwa botolo lake ali chilili, n'kubwerera akugeya.

Madzulo ena mkazi wake anamufunsa chifukwa chake ndalama za mbatata zinali zoperewera.

"Mayi, lero lokha kunja kwa dziko ndapita katatu. Mumayesa maulendo akunja ndi otchipa?"